Miyezi Khumi ndi Umodzi

Anati tikuimbirani Lachisanu, tikamaliza kufufuza.
Mayi wa magalasi uja ananena mawuwo akumwetulira,
ngati kufufuza n'kungosuzumira pawindo.
Lero ndi Lachitatu.
Foni ndaigoneka pamtsamiro ngati khanda lotentha thupi,
ndikungoikhudzakhudza.

Siivi yanga inabadwira m'kachipinda ka makompyuta ku Limbe,
kuseri kwa pokwerera maminibasi a ku Bangwe.
Mnyamata wotaipa, chimanga chootcha chili kukamwa,
analoza ndi chala chamafuta:
Asisi, apa pali dzenje.
Kuchoka Malichi mpaka Januwale munali kuti?
Ndinati kwirira.
Anakoka chaka ngati lasitiki ya kabudula,
dzenje lija n'kutsekeka.
Ndinalipira, sanandipatse chenje.

Ndinali ku Gulupu.
Ndinkagona pa simenti, pansi pa bedi la mlongo wanga Lemani,
kumutembenuza ulonda uliwonse,
kuchapa zofunda pampopi anthu asanadzuke,
kuwerenga madontho a diripi mpaka kuiwala tsiku.
Sindinachedwepo. Sindinapemphepo tchuthi.
Koma ntchito imeneyo ilibe kalata ya sitampa,
ndipo yemwe akanandichitira umboni
tinakamusiya ku Chiradzulu, mvula ikugwa.

Ndiye palinso la ku Makata.
Ndinalemba kuti woyang'anira katundu.
Pakapepala ka malipiro panalembedwa wothandizira.
Koma makiyi ankagona m'chikwama cha ndani
Bambo Likongwe akadzuka ndi matsire?
Matumba a feteleza ankawerenga ndani,
mpaka fumbi lake kundisupula zikhatho?
Kampaniyo inatsekedwa, muli tchalitchi tsopano,
amaombera m'manja pomwe pankaima sikelo.
Yatsala ndi nambala ya Bambo Likongwe,
amene tsiku lina ndinawachotsa dzanja m'chiuno mwanga.
Kaya akumbukira makiyi,
kaya akumbukira dzanjalo.

Zaka zobadwa nazo ndili nazo ziwiri.
Satifiketi ikuti china, chiphaso cha unzika chikuti china.
Aphunzitsi aakulu anandidula zaka ziwiri ndi cholembera chofiira
kuti ndibwereze Sitandade eyiti,
ine ndili panja kusewera fulaye.
Papepala ili ndine Esinati, pa ilo ndine Esinala.
Amayi ankangoti Nachi.

Khoswe wapadenga anaulula wapadzala.
Akangoona chaka, afunsa dzina,
akafunsa dzina, aimbira Likongwe,
ndipo Likongwe amadziwa mwezi umene ndinachoka.

Magetsi azima Zingwangwa yonse.
Kuphiri la Soche kwatsala kanyali kofiira ka pansanja,
kakundiphethira ngati kakudziwa.
Eni nyumba anagogoda dzulo, ndinati kumapeto kwa mwezi,
mawu omwe ndinawauza mwezi watha.
Mwana wa Lemani wagona ndi yunifolomu yothina m'khwapa.
Ndalemba uthenga kanayi:
Mayi Mpinganjira, pali zoti ndikonze papepala langa.
Kanayi konse ndafufuta.
Wakuba ndi uti, wotalikitsa chaka
kapena wofuna munthu wopanda chipsera?
Funsolo n'labwino, koma silipira lendi.

Tambala wa kwa aneba walira kawiri.
Ndasita bulauzi ndi ayironi yamakala,
kakhala kamodzi kasiya kadontho pakolala.
M'envulopu ndaika satifiketi, chiphaso,
ndi kabuku ka kuchipatala ka Lemani,
kopindika m'makona, konunkhabe mankhwala,
masiku onse khumi ndi umodzi wa miyezi ali momwemo
m'malembo a madokotala osawerengeka.

Minibasi yanditsitsa pa Kandodo.
Ndayenda wapansi, mtima uli m'khosi.
Pageti mlonda wandiyang'ana nsapato,
n'kutsegula buku lake lalikulu.
Ali, mwaitanidwa?
Ndati ayi.
Ali, lembani dzina lanu apa.

Ndagwira cholembera.