Palibe Anaona

Ku Arequipa kwacha ndi chisanu.
Phiri la Misti layera pamutu,
ine ndili pa mpopi, mphete ndavula,
madzi ndikutsegula ndi bondo.

"Nélida, zikhadabo kaye,"
akutero Mayi Eufemia kumbuyo kwanga,
mawu awo ouma ngati sopo wakale.
"Chala chili ndi mbali zinayi, tsuka zonse.
Madzi atsike kuchoka ku zala kumka ku chigongono,
asabwerere.
Madzi obwerera amadza ndi alendo."

Ndikulowa chafutambuyo,
chitseko ndakankha ndi msana,
manja m'mwamba ngati wogwidwa akuba.
Mkanjo wobiriwira ukadali ndi fungo la nthunzi.
Wina akundimanga zingwe kumbuyo
poti msana wanga si wanganso,
kumunsi kwa chiuno si kwanganso.
Changa ndi kadziko aka,
kuyambira pachifuwa kulekeza pa tebulo.

Bambo Toribio, mlimi wa anyezi, agona tulo ta mankhwala.
Pamimba tapaka ayodini,
kuyambira pakati, kuzungulira, kumka kunja,
osabwereranso pomwe tadutsa.
Nsalu zinayi zawaphimba.
Munthu yense watsala kazenera
kosaposa chikhatho changa.

Ndiye Dokotala Zeballos anati, "Lumo,"
ine potembenuka
kachala kanga ka nkhombaphala
kanakhudza chitsulo chopachikapo diripi.
Pang'onong'ono.
Ngati ntchentche yotera n'kuuluka.

Palibe anaona.
Makina ankangolira mwa nthawi zonse.
Golovesi linali loyera mbee, monga poyamba.
Kachilombo sikakuwa,
sikasiya phazi,
kamadikira masiku atatu
kuti kadzayankhule ndi mafinya ndi kutentha thupi,
ine nditapita kale kwathu.

Mtima wina unati, khala chete,
ndi sabata yako yoyamba,
ukufuna akutche dzina?
Koma m'khonde ndinali nditaona mayi wa chipewa,
atafumbata nsapato za mwamuna wake pamiyendo,
dothi la kumunda likadali m'zidendene.

"Ndakhudza."
Mawu anatuluka aang'ono, onyowa, m'kati mwa masiki.

Dokotala anaima, manja pamwamba pa bala.
Mayi Eufemia sanakalipe.
Sanayamikenso.
Anangondivula golovesi mokoka chakunja,
nang'amba pepala la latsopano.
Mphindi imodzi basi inatayika.
Kwa ine inali chaka.

Potseka tinawerenga nsalu zopukutira magazi,
ine ndi iwo, mokweza:
zalowa khumi, zatuluka khumi.
Singano zitatu, zitatu.

Masana, kosinthira zovala,
ananyema buledi wawo wa tchizi
nandikankhira chibenthu, maso ali kwina.
"Mawa uyime kutali ndi chitsulo chija."

Mphete ndinaivala ndili m'basi.
Khungu la manja linali litakakala,
ndipo chala chija
ndinachigwira ndi dzanja linalo
mpaka pamalo potsikira.