Kaundula wa Msungichuma

Tinanyamuka pa Chitakale phiri lisanavule nkhungu,
amayi khumi ndi anayi,
chinsalu cholembedwa ndi penti wotsala ku tchalitchi,
ndi zitini za mkaka zoboola pachivindikiro.
Usungichuma anandipatsa ine
ati chifukwa ndinalawako Fomu 3.
Chimene chinanditulutsa mu Fomu 3 sanachitchule,
pano chili ndi ndevu, chimawotcherera zitsulo ku Luchenza.

Patsogolo panali atatuwo, ana kumsana:
Edina Makwinja woitanidwa ku unamwino,
Rozina Mulipa ku uphunzitsi,
ndi Felesiya, amene amafuna zamagetsi
ngakhale kwawo waya sanafikeko.
Makalata awo ndinawasunga m'pulasitiki ya shuga
kuopa chiperoni.

Msewu wa ku Muloza unatipatsa zomwe unali nazo.
Kondakitala anaponya handiredi minibasi ikuthamanga,
tinaithamangitsa mpaka m'ngalande.
Othyola tiyi anatsika m'mizere madengu ali kumsana,
namasula mfundo za nsalu ndi mano,
kapitawo akuyang'ana wotchi.
Bambo wina wa tayi anatsitsa galasi pang'ono chabe:
"Anazifuna okha. Tinawatuma ndife?"
Edina anaweramitsa mutu.
Ine ndinagwedeza chitini pafupi ndi khutu lake
mpaka galasi linakwera.
Mawu amenewo ndimawadziwa,
ndinawasenza zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi chimodzi
pamodzi ndi dengu.

Usiku ndinakhuthula zonse pamphasa.
Ndalama zili ndi fungo la eni ake:
iyi ya usipa, iyi ya parafini,
iyi yonyowa thukuta la m'kamisolo,
iyi yomatidwa ndi selotepi pakati pa nkhope.
Munalinso batani la malaya
ndi kakobiri ka ku Mozambiki.
Ndinawerenga katatu, ndikulavulira chala,
ngati kuti malovu angaziswanitse.
Zinakwana awiri.
Wachitatu zinangomufika m'mawondo.

Ndani atsale?
Funso limeneli silili m'malamulo a gulu lathu.
Ndinazimitsa nyali, ndinayatsanso.

Koma pali zina zomwe kaundula wanga akukana kumeza.
Mai Naliwa ogulitsa zinanazi pa siteji
anatiyimitsa, mpeni uli m'manja:
"Ndalama ndilibe, musandiyang'ane choncho.
Ndili ndi msana.
Wa Rozinayo azisiya kuno Lolemba mpaka Lachisanu,
bola asamalire ngati bambo ake."
Mnyamata wa kabaza, dzina sindinamufunse,
anati ulendo wa ku depoti tsiku lotsegulira ndi wake,
sutikesi ndi mwini wake yemwe.
Telala wa pakhonde la golosale analonjeza yunifolomu,
nsalu tipeze tokha.
Tsono msana ndiulembe mu mzere uti?
Ndi makwacha angati msana wa munthu
kwa zaka zitatu?

Kutacha Felesiya anabwera ndisanasese pabwalo.
Anaona milu iwiri ndi kamulu, sanafunse.
Anakhala pakhonde nayamwitsa mwana,
maso ali pa mapolo a magetsi
odutsa pamwamba pa tiyi kupita ku fakitale.
"Chaka chamawa kalatayi idzagwirabe ntchito?"
Ndinati sindikudziwa.
Bodza ndinalisiya kalekale, limadula kuposa fizi.

Ndinatenga kamulu kaja ndi kukamanga m'mpango,
pamwamba ndinalemba dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu,
ndinaonjeza yanga ya feteleza,
chimanga chidzandikhululukira kapena ayi.
Sizinakwanebe.

Loweruka likubwerali tikayambira pa Limbuli, tsiku la msika.
Mapazi anga atupa ngati mapeyala,
chinsalu chija chasuluka ndi mvula,
liwu loti "koleji" latsala "kole".
Zitini ndazitsuka, ndaziyanika pathandala.
Batani lija ndalisunga.
Likakhala pa yunifolomu ya Edina,
lachiwiri kuchokera kukhosi.