Pepala la Evaristo

Sitolo yanga ili m'munsi mwa phiri ku Valparaíso,
pamene masitepe amathera, fungo la doko n'kuyamba.
Zaka makumi awiri ndikugulitsa mapepala:
zala zanga zimadziwa kulemera kwake maso asanawerenge.

Lachiwiri lina la nkhungu analowa Evaristo Quilodrán,
uja ankayendetsa makina okweza katundu padoko,
chipewa kumanja.
"Mayi, ndipatseni lalikulu kuposa onse."

Ndinakoka dirowa ya pansi, ija imalira ngati mphaka,
ndinayala pakauntala lotalika mita yathunthu.
Mbee! Bamboyo anabweza phazi m'mbuyo.

"Mujambulapo chiyani?"
"Nyumba yanga. Inapsa ndi moto uja wa m'phiri.
Ndi msewu wake womwe, agalu, zingwe zoyanikapo zovala,
nyanja kumbuyo kwake. Zonse."
"Ndi inki, utoto wamadzi, kapena makala?"
"Makala ayi. Makala ndawaona okwanira."

Tsono ndinamugwiritsa limodzilimodzi.
Ili lopyapyala likangolawa madzi limachita makwinya
ngati chala chokhalitsa m'beseni.
Ili ndi la thonje, magalamu mazana atatu,
limamwa mwaulemu, koma mtengo wake umaluma.
Losalalali ndi kazitape,
limaulula ngakhale kunjenjemera kwa dzanja.
Lokhakhalali lili ndi timaenje;
burashi ikadutsa mothamanga imasiya timadontho toyera
ngati dzuwa likamasweka pamafunde.

Analisisita ndi chala chachikulu, chija chopanda chikhadabo.
"Khoma lathu linali chonchi."

Anagula. Ndinakulunga, ndinamanga ndi ulusi,
anakwera nalo masitepe, mphepo ikulimbana naye
ngati wasenza thanga la ngalawa.

Patatha milungu itatu anabwera nalo likadali loyera,
kupatula pangodya, pamene kapu ya khofi inasiya mphete.
"Limandiyang'ana," anatero.
"Ndikayandikitsa burashi, msewu umathawa.
Chitseko cha a Ulloa chinali chobiriwira kodi? Kaya.
Ndinkayesa ndasunga zonse m'mutumu.
Latsala ndi windo la kukhitchini basi,
ndi chitini cha maluwa ofiira
amene Fresia ankathirira madzi otsukira mpunga."

Pakhoma panga palembedwa kuti chogulidwa sichibwezedwa.
Ndinalemba ndekha. Ndinaima mochitchinga chikwangwanicho.
Ndinapinda pepalalo pakati,
ndinanyowetsa mzerewo ndi siponji, ndinatsindika rula yachitsulo.
La thonje sulidula ndi sizasi,
umalinyengerera lisiyane lokha, m'mphepete mutsale ubweya.
Pakati kachiwiri. Kachitatu. Kachinayi.
Iye ali duu, kumvetsera kung'ambikako.

"Windo limodzi likwana apa.
Mukalakwitsa, zidutswa zina zilipo khumi ndi zisanu.
Muzizimata pathabwa ndi tepi, zisafufume.
Burashi imodzi, ya nambala eyiti,
zazing'ono zija zimaphunzitsa munthu mantha.
Mitundu itatu ikukwanani."

Anatola wofiira, wabuluu, ndi wachikasu chonga dothi.
Wakuda anaukankhira kumapeto kwa kauntala ndi chigongono.
Mapeso ake anawerenga kawiri, anaperewera pang'ono,
ine ndinayang'ana kunja, kumene sitima inkalowa.

Chidutswa cha mphete ya khofi anandisiyira.
Ndimalembapo mayina a ondikongola.

Dzinja litapita anatulukiranso,
malaya ali ndi madontho mpaka m'kolala.
Sanandionetse chithunzi, ndipo sindinafunse.
"Wofiira uja wina. Maluwa akudya utoto."
Atafika pakhomo anatembenuka.
"Dzulo ndikupaka mthunzi wa windo, la nambala naini,
chitseko cha a Ulloa chabwera chokha, osachiitana.
Chinali chabuluu.
Kodi muli nalo lokulirapo pang'ono?
Pang'ono pokha. Loti chitseko chikwanepo."