Kuseri kwa Chigayo, ku Chikanda

Dzulo ndinatsika minibasi pa depoti
ndi chikwama chimodzi ndi mawondo olira.
Wakabaza ndinamukana, ndinati ndiyenda,
mapazi akuidziwa njira ya ku Chikanda.
Mapazi anandinamiza.
Pomwe panali chigayo pamera hositelo yosanja,
masokosi a ophunzira ali lende m'mawindo,
ndipo kuseri, kuja kunali kwathu,
kamnyamata ka m'kakontena kakundifunsa
ngati ndikutumiza kapena ndikutapa.

Kuseriko kunalibe chikwangwani.
Unkayamba kumva m'nthiti,
besi ikufukula pansi ngati mfuko,
nkutsata fungo la gaga ndi utsi wa chiwaya
mpaka pa chitseko cha lata
pomwe Abiti Saizi ankakhala pa kireti,
ndalama kumpango, maso ngati sikelo ya pamsika.
Akakudziwa, lowa.
Akapanda kukudziwa, mwana wanga kagone, kwada.

Twaibu masipika anakhoma yekha
ndi matabwa otola ku shedi.
Batire tinkabwereka ku galaja ya ku Ndola
nkulisenza mosinthana,
asidi nkutiboolera malaya a Lamulungu.
Magetsi akathima tauni yonse inkagona,
ife ndiye kunkaticha.
Kaseti ikatafunidwa tinkaikulunga ndi bolopeni,
anthu chiimire, thukuta lili chuu,
wina nkuyamba kuomba m'manja
kuti nyimbo isazizire.

Kunali mnyamata wa ku Matawale, Namakhwa,
wolavula mawu ngati chimanga chokazinga,
Chinyanja, Chiyao, pena Chilomwe cha amake,
kutukwana mtengo wa shuga,
kutchula maina omwe masana tinkangonong'ona.
Kunali Mwandida, wokolopa kuchipatala chachikulu,
ankafika akununkhabe mankhwala
nkugwira maiko yomangidwa ndi mphira.
Akakweza mawu ngakhale oledzera ankakhazika botolo pansi.
Ndipo Che Likoswe ndi babatoni wawo
wa waya wosolola m'tayala,
ankati ana inu mukuthamangira kuti,
nyimbo si basi.

Kumapeto kwa mwezi asilikali ankabwera ndi fungo la polishi.
Tsiku lina ndinaona woyang'anira ndende
akuvina ndi munthu yemwe anamutsekulira chipata Lachiwiri,
onse awiri maso ali tseke.

Kenako mluzu. Vakabu!
Kandulo fuu, batire m'thumba la gaga,
ife aliwiro kutsetserekera ku Likangala,
madzi a mu Juni akuluma akakolo,
chifunga chikutsika phiri kudzatifunditsa.
Tinkaseka mano akugwedera.
Nsapato yanga yakumanzere idakali komweko.

Tinajambulapo kamodzi kokha,
m'chipinda chomata matileyi a mazira,
tambala wa aneba nkulowerera mu nyimbo yachitatu.
Tinamusiya. Ankaimba bwino kuposa ine.
Kasetiyo ndili nayo m'chikwamamu
koma wailesi yoti iidye ndiisowa dziko lonse.

Twaibu anapita ku Joni, foni yake siilowa.
Namakhwa tinamuika chaka cha njala,
maliro ake opanda ndi gitala yomwe.
Mwandida akuti amatsogolera kwaya ku Sadzi,
ndikakamuona mwina, mwina ayi,
ndikuopa angandipatse moni wa alendo.
Za Abiti Saizi ndafunsa anthu atatu,
wachitatu anati, ndani ameneyo?

Sindikunena kuti zonse zinali bwino.
Tinkamenyana pa zaziii, tinkagona ndi njala,
ena chifuwa chinawatengera pomwepo.
Koma usiku unali ndi adiresi,
ndipo unkatidziwa maina.

Tsono ndaima pano, chikhatho pa khoma la hositelo,
ngati namwino wofufuza mtima.
Simenti ili zii.
Pakhonde mtsikana wavala timawaya m'makutu,
akugwedeza mutu yekhayekha,
phazi likuponda kanyimbo komwe sindikukamva.
Ndatsala pang'ono kumuuza kuti pomwe wapondapo
mpomwe tinkakhazika batire.
Wandiyang'ana, wachotsa kawaya kamodzi:
Bambo, mukufuna ndani?