Kumanzere

Jagoda anabwera nayo Lachitatu,
yopyapyala ngati kabuku ka malisiti,
n'kuiika patebulo pomwe ndimasokera mabuku.
"Bambo, yakale ija yatopa. Iyi sikuvutani."
Madzulo anakwera sitima kubwerera ku Poznań,
ine n'kutsala nayo, tikungoyang'anana.

Zaka khumi ndi zinayi
dzanja langa lakhala likuidziwa njira:
ukafuna kutseka, kwera kumanja, pali kamtanda.
Lero ndapitako kasanu.
Ngodya ili mbee.
M'nyumba muno zitseko anazikhomera kumanzere,
timadontho titatu, kofiira, kachikasu, kobiriwira,
ngati maloboti a pamsewu wa Piotrkowska
amene sindinayambe ndawamverapo.

Chala chachikulu chathamangira batani lake lakale,
chapeza pakhala mlendo.
Dzina langa ndine Bogumił,
koma kamzere kodula chilembo chomalizacho kakana kubwera,
ndiye makalata atatu apita kwa makasitomala
atasainidwa ndi munthu wina
wofanana nane pang'ono.

Ikuti ndiike chala kuti izindidziwa.
Ndaika.
Zaka makumi anayi za guluu, ulusi ndi mpeni
zinafufuta mizere yonse.
"Yesaninso."
Ndapukuta pamalaya, ndauzira mpweya, ndaikanso.
"Yesaninso."
Ulemu ili nawo, chisoni ilibe.

Pafoni Jagoda akutafuna chinachake.
"Zala ziwiri, bambo. Ziwiri pamodzi, muzitsetsereke."
Kani chala chimodzi sichiswa nsabwe
ngakhale pagalasi!
Ndatsetsereka kupita pansi, tsamba lakwera kumwamba.
Ndaseka ndekha mpaka kutsokomola.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi bata lake.
Yakale ija inkapuma movutikira,
phuu, phuu, ngati nkhalamba pamasitepe,
inkandipatsa nthawi yowiritsa tiyi isanadzuke.
Iyi ukangoivundukula ili maso tong'o,
tiyi asanathire n'komwe,
ndipo ili zii,
mpaka ndikumva chipale chikugunda pazenera.

Mwanayo anasamutsa zonse, sindikukana.
Zithunzi zafika, mainivoisi afika.
Koma zafika zitafola pamzere, motsata madeti,
pomwe Danuta ankaika mafayilo ngati ziwiya zake:
angongole pakona iyi, amisonkho uko,
pakati osaikapo kanthu
kuti chithunzi cha nyanja ya ku Sopot chizioneka.
Tsopano nyanjayo kulibe.
Kuli phiri la dziko lomwe sitinapiteko.

Ndipo fayilo imodzi yakana kutseguka,
kaundula wake wa omwe sanalipire.
Makina akuti sakuchidziwa chilankhulo chake.

Sabata yatha. Masiku asanu ndi anayi.
Ndapeza pomwe kamzere ka dzina langa kanabisala,
batani limodzi kutsogolo, basi.
Batire likufika madzulo osapempha chingwe,
izi ndiyenera kuvomera.
Dzulo ndatumiza inivoisi kwa a Wrzesień
osatukwana.

Usiku uno ndatsitsa yakale pamwamba pa kabati.
Yalemera bwanji!
Chilembo A chinafufutika kalekale,
ndipo pomwe ankatsamiritsa mkono wake
pulasitiki imanyezimira ngati chigwiriro cha khomo.
Yatsokomola, yaganiza, yaganizanso, yayaka.
Kaundula uja watseguka.
A Wrzesień omwewo, mabuku awiri a nyimbo, sanalipire.
Pambali analembapo: "Asiye, mkazi wawo akudwala."

Ndawerenga kawiri.
Ndakopera mainawo pamanja, m'kope la mizere,
monga tinkachitira makina asanabwere.
Tiyi wazizira.
Panja sitima yomaliza ya mumsewu yadutsa yopanda anthu.

Kenako ndati nditseke.
Sindinaganize, sindinayang'ane,
dzanja lanyamuka lokha,
lapita kumanzere.

Pamenepo palibe kanthu.
Kamtanda kali kumanja komwe kanali,
kakundidikira.
Ndakhala kanthawi, dzanja lili pamausi,
fani ikupuma phuu, phuu,
ndisanalibweze.