Pakati pa Mavalavu Awiri

Ku Duluth chisanu chimalowa limodzi ndi kasitomala.
Dell Okerlund anakankha chitseko ndi phewa,
ampu ya malemu mkulu wake ili pachifuwa
ngati mwana wodwala malungo.
"Ikulankhula ngati munthu wofunda bulangete kumutu," anatero.

Ndinaigoneka chafufumimba pa benchi,
dzanja limodzi m'thumba
monga anandiphunzitsira bambo Rautio,
poti magetsi amabisala m'menemu
ngakhale waya utazulidwa kukhoma.

Ndinakapeza. Kanthu kachikasu, kosaposa chala,
kali phee pakati pa valavu ndi valavu.
Kapasita, mlonda wa pakhomo.
Magetsi ouma, osagwedezeka, amawabweza.
Amatsegulira chonjenjemera chokha: nyimbo.

Koma khomo lili ndi muyeso wake.
0.1 ndi geti la fakitale,
mawu onse apansi amalowa ndi matope awo
mpaka valavu yotsatira kutsamwa.
0.022 ndi kakhomo ka kuseri,
onenepa amatsala panja,
amadutsa owonda, akuthwa, osamba bwino.
Ukachepetsa mopitirira
gitala imasanduka udzudzu m'chitini.

Ndinasungunula mtovu, utsi ukundiluma m'maso,
ndikuikamo 0.022.

Dell anakhudza nsambo.
Mawu anatuluka mbee, lililonse palokha,
ngati masupuni otsukidwa kumene.
Anaimba pang'ono, n'kuleka.
"Yachira," anatero. "Koma Arne mulibemo."

Kani Arne ankawakonda matopewo.
Ankaimba m'galaja mazenera akuchita manthenthe,
mayi awo akugogoda khoma ndi mpini wa tsache,
agalu a kwa Lindgren akuyankha besi.

Kakale kaja sindikanakabwezera.
Kanali katayamba kudontha,
mlonda wokalamba wolola aliyense,
ndipo valavu ikanafiira mpaka kupsa.
Ndinafufuza m'kabati, pansi pa mafyuzi,
ndinapeza 0.047.
Si geti, si kakhomo.

Ulendo uno anaimba nthawi yaitali.
Kunja galimoto yokankha chipale inadutsa kawiri.
Nsambo yaikulu inabangula pang'ono, osatsamwa,
kagalasi ka pa shelefu kanayamba kunjenjemera.

"Sanalowe," anatero Dell, maso ali chotseka,
"koma ndikumumva akupukuta mapazi pakhomo."

Analipira madola makumi anayi.
Kachikasu kakufa kaja anakapempha,
anakakulunga mu lisiti
n'kukaika m'thumba la malaya, la kumanzere.