Mano a Donya Amparo

Bwana Macaraeg anagogoda pepala langa ndi cholembera:
"Mayi uyu wafatsa kwambiri, Dalisay.
Manila ikatsegula kanema madzulo
imafuna munthu womutukwana.
Mpatse mano."

Ndinampatsa.
Sindinapite kutali kukawafuna.
Ndinatola mawu omwe amayi anandigenda nawo
tsiku lija ndinakana ntchito ya kufakitale ya nsapato:
"Kodi ndinabala mwana kapena ngongole?"
Ndinawasasa fumbi,
n'kuwalowetsa m'kamwa mwa Donya Amparo
wa ndolo zagolide,
wong'amba makalata a mwana wake,
woseka pamaliro.

Anthu anamuda mpaka kukoma.
M'majipu a ku Cubao ankamutchula ngati mliri,
wosewera wake anagendedwa tomato pamsika,
ine malipiro anakwera.

Lachisanu lina, mtsinje utabwerera m'malo mwake,
ndinapita kwathu ku Marikina.
Matope anali atalemba mzere pakhoma,
kanema ali pamwamba pa kabati.
A Luzviminda, amayi anga,
anali pampando wapulasitiki, mapazi m'beseni,
zala zonunkhabe guluu
zikusenda mango osapsa.

Donya analowa.
Gawolo ndinkalidziwa ngati dzina langa.
Ndinayamba kuwerenga nyerere pansi.

"Kodi ndinabala mwana kapena ngongole?"

Mpeni unaima pakati pa bango.
Fani yokha inapitiriza kupukusa mutu.

Ndinadikira mphenzi.

"Mzimayi ameneyu," anatero,
"miyezi isanu ndi umodzi tsopano,
sindinamuonepo akudya.
Palibe womufunsa kuti waswera bwanji.
Nanga mwamuna wake ali kuti?
Munamupha,
kapena anangokwera sitima ngati wina uja,
n'kutumiza ndalama kawiri, basi?"

Sindinayankhe.

"Tsiku limenelo kunali mvula," anatero.
"Denga linkadontha pabedi pako.
Mvulayo sunailembe."

Kenako anathira mchere m'kambale,
n'kundikankhira ndi chala.
Tinaonera limodzi mpaka mayina atakwera,
langa lili lachitatu.
Analiloza ndi mpeni, monga amachitira sabata iliyonse,
akutero anthu oyandikana nawo.

Usiku womwewo ndinalemba tsamba limodzi:
Donya Amparo ali yekha kukhitchini,
wavula ndolo,
akudya mpunga wozizira ataimirira,
akumvetsera ngati chitseko chingagogodedwe.
Salankhula. Mphindi ziwiri zathunthu.

Lolemba bwana analiwerenga,
anakanda m'mutu,
nati, "N'zokongola, koma zikuchedwetsa nkhani.
Lachitatu akuyenera kuwotcha nyumba."

Nyumbayo inapsa bwino,
dziko lonse linaomba m'manja.

Tsamba lija ndinalipinda kanayi.
Lili m'bokosi la nsapato zakuda
zomwe anandisokera ndikupita kukoleji,
zazikulu pang'ono,
poti, anati, phazi la mwana
silinena tsiku losiya kukula.